THUPI LANU LILI NDI MANKHWALA AKE OLETSA ULULU

Munthu akapunthwa pamwala kapena akadzitema ndi khasu, amamva ululu nthawi yomweyo. Ambiri amaganiza kuti ululuwo uli pachilonda pokha, koma chilonda chimangotumiza uthenga. Uthengawo umayenda m'mitsempha kukafika mumtsempha waukulu wa mkati mwa fupa la msana, ndipo kuchokera pamenepo umakwera ku ubongo. Ubongo ndiwo umene umamudziwitsa munthu kuti wapweteka.

Mitsempha imeneyi siilumikizana ngati chingwe chimodzi. Pamene mtsempha wina wathera pali kampata, ndipo uthenga umaoloka kampatako ponyamulidwa ndi timankhwala timene mtsempha umatulutsa. Tina mwa timankhwalati timatchedwa neuropeptide. Kalikonse kali ngati kiyi, ndipo pa mtsempha wotsatira pali timaloko timene kiyi woyenera yekha ndiye amatsegula. Kamodzi kodziwika bwino ndi substance P, kamene Ulf von Euler ndi John Gaddum anakatulukira mu 1931. Ntchito yake ndi kukuza uthenga wa ululu. Kutentha kwa tsabola wa kambuzi m'kamwa kumadza chifukwa tsabolayo amadzutsa mitsempha yomweyi.

Kwa zaka zambiri madokotala ankadabwa kuti morphine, mankhwala ochokera ku chomera, amaletsa bwanji ululu mwa munthu. Mu 1973 Candace Pert ndi Solomon Snyder a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America anasonyeza kuti muubongo muli timaloko timene morphine amakwaniramo. Koma loko sakhala wopanda kiyi wake. Mu 1975 John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, anapeza kiyiyo mu ubongo wa nkhumba, ndipo anamutcha enkephalin. Patapita nthawi pang'ono panapezekanso mnzake, endorphin. Timankhwalati tikalowa m'maloko ake, mtsempha umachepetsa kutulutsa substance P ndi tinzake, ndipo uthenga wa ululu umafika ku ubongo utafooka.

Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene munthu wothawa ngozi sazindikirira msanga kuti wavulala. Nakonso kusisita pamene mwagunda kumathandizadi. Mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza kuti mumsana muli ngati chipata, ndipo uthenga wa kukhudza umatsekako chipatacho. Mantha, nkhawa ndi kusowa tulo zimakulitsa ululu, pamene mawu olimbikitsa ndi kukhala pafupi ndi wodwala zimauchepetsa.

Komabe mankhwala a m'thupiwa amasungunuka msanga, ndipo sangakwanire pa ululu waukulu monga wa khansa, wa moto kapena wa fupa lothyoka. Ululu ukakhalitsa osathandizidwa, mitsempha ya mumsana imazolowera kukuwa, kotero kuti ngakhale kukhudzidwa ndi nsalu kumapweteka. Kupirira mwakachetechete sikuchiritsa. Nchifukwa chake m'zipatala zathu odwala matenda aakulu amapatsidwa morphine wakumwa, amene amalowa m'maloko omwe aja. Kupatsidwa morphine sikutanthauza kuti madokotala ataya mtima. Cholinga chake ndi chakuti wodwala agone, adye ndi kucheza ndi abale ake.

Tiyenera kudziwanso kuti timaloko timeneti tiliponso m'matumbo ndi m'chigawo cha ubongo chimene chimayendetsa kupuma. Motero morphine amadzimbitsa, ndipo akapyola muyeso kapena akasakanizidwa ndi mowa amafooketsa kupuma mpaka munthu kufa. Tramadol naye amagwira ntchito m'maloko omwewa, ndipo womumwa mwachisawawa amafika posatha kukhala popanda iye.

Choncho, owerenga athu, kumbukirani izi:

1. Mukafika kuchipatala fotokozani pamene pakupweteka, tsiku limene ululu unayamba, ndiponso ngati ukubaya, ukutentha kapena ukuluma.
2. Imwani mankhwala pa nthawi ndi muyeso umene mwauzidwa, osadikira kuti ululu ufike poipa.
3. Musagule mankhwala oletsa ululu pamsika, ndipo musagawireko mnzanu mankhwala anu.
4. Sungani mankhwala pamalo pamene ana sangafikire.
5. Wodwala akayamba kugona kosadzutsika kapena kupuma mwapatalipatali, thamangirani naye kuchipatala.

Ululu ndi chenjezo lakuti m'thupi muli vuto. Kuletsa ululu kokha sikuchotsa matenda, choncho pitani mukapimidwe matendawo asanakule.