Kodi mumadziwa? Foni ya m'thumba mwanu nayonso ili ndi chingwe

Kodi mumadziwa kuti mukamaimba foni muli m'munda wa thonje m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, mawu anu amayenda mumlengalenga kamtunda kochepa chabe? Amachoka pa foni yanu kukafika pa nsanja yapafupi, basi. Nsanja zina zimawaponyera kwa zinzake kudzera pa timbale timene mumationa tomangirira m'mwamba muja, koma posakhalitsa mawuwo amatsika n'kulowa m'chingwe cha faiba, chokwiriridwa m'mbali mwa msewu kapena chopachikidwa pa mapolo a magetsi. Ulendo wautali wonsewo, kaya mukuimbira mlamu wanu ku Mzuzu kaya mwana wanu ku Johannesburg, mawu amauyenda ali m'chingwe. Lamya ya waya ndi foni ya m'manja zinakumana kalekale pansi pa nthaka. Chimene makampani a m'maiko ambiri akulimbana nacho n'choti zikumanenso m'manja mwa munthu wozigwiritsa ntchito.

Kodi mumadziwa tanthauzo la kuphatikiza netiweki ya waya ndi ya m'manja? N'kuti munthu akhale ndi foni imodzi, nambala imodzi, malipiro amodzi. Ali mu ofesi kapena m'nyumba mofika chingwe, foniyo izilira kudzera pa Wi-Fi. Akatuluka pakhomo akulankhula, foniyo idumphire yokha pa nsanja, mawu osaduka, iye osazindikira kuti pasintha kanthu. Zimatheka chifukwa masiku ano mawu a munthu amaduliridwa m'tizidutswa ting'onoting'ono tofanana ndi tomwe timanyamula uthenga ndi zithunzi pa intaneti, ndipo tizidutswato sitisankha njira. Tingadzere pa chingwe, tingadzere pa nsanja, tikafika timalumikizananso.

Kodi mumadziwa kuti amene anayamba kugulitsa nzeru imeneyi anagwa nayo? Kampani ya BT ku Britain inatulutsa BT Fusion mu 2005: foni ya Motorola imene m'nyumba inkalumikizana ndi chingwe kudzera pa Bluetooth, kunja n'kumagwiritsa ntchito nsanja za Vodafone. Anthu sanaikonde, ndipo patangopita zaka zochepa inachotsedwa pa msika. Ku Germany nako Deutsche Telekom inayesa T-One mu 2006, chaka chotsatira n'kuisiya. Vuto linali loti munthu ankayenera kugula foni yapadera, pomwe mitundu ya mafoniwo inali yowerengeka. Zinthu zinasintha pamene mafoni wamba anayamba kubwera ndi Wi-Fi. Mu 2014 Apple inalola iPhone kuimba pa nambala ya masiku onse kudzera pa Wi-Fi, ndipo mu 2015 WhatsApp inayamba kulola anthu kuimbirana. Ngati munaimbapo pa WhatsApp muli pa Wi-Fi ya kuntchito, n'kutuluka panja foni n'kupitiriza pa bandulo yanu, ndiye kuti mudalawako kale.

Kodi mumadziwa kuti waya woyamba wautali wonyamula uthenga m'dziko muno unali wa Cecil Rhodes? Mu 1892 iye anakhazikitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph, cholinga chake chili choti waya uchoke ku Cape kukafika ku Cairo. Unadutsa ku Blantyre, ku Zomba, ku Fort Johnston komwe lero ndi Mangochi, n'kutsata gombe la nyanja kudzera ku Nkhotakota mpaka ku Karonga. Mapolo ake anali achitsulo, ndipo amene anawasenza pamutu ndi pamapewa anali makolo athu amtengatenga. Wayawo unathera ku Ujiji pa nyanja ya Tanganyika, ku Cairo sunafike. Mu 1901 Guglielmo Marconi anali atatumiza kale chizindikiro kuwoloka nyanja ya Atlantic popanda waya.

Kodi mumadziwa kuti TNM inabadwa kuchokera ku bungwe la lamya za waya? Inakhazikitsidwa mu 1995. Telekom Malaysia inali ndi magawo 60 pa 100 alionse, otsala 40 anali a Malawi Posts and Telecommunications Corporation, bungwe la boma lomwe linkayendetsa mapositi ofesi ndi malamya pamodzi. Celtel inabwera mu 1999, n'kusanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Lamulo la 1998 ndilo linabala MACRA, ndipo mu 2000 bungwe lakale lija linagawidwa pawiri: makalata anapita ku Malawi Posts Corporation, malamya ku MTL. Boma litagulitsa gawo lalikulu la MTL, gulu lotsogozedwa ndi Press Corporation ndilo linatenga, ndipo Press yomweyo ndi imene inadzakhala ndi masheya ambiri mu TNM. Kwa zaka zambiri tsono waya ndi nsanja zinali za khomo limodzi, koma wogula ankalipirabe kawiri, nambala ziwiri, maofesi awiri. Ine ndimaona kuti pamenepa dziko lathu linataya mwayi, chifukwa zida zonse zinali pafupi.

Anansi athu ena anachita zophatikiza poyera. Ku Mozambique kampani ya malamya a waya ya TDM ndi ya mafoni a m'manja ya Mcel zinalumikizidwa kukhala Tmcel. Ku Zambia, Zamtel imayendetsa zonse ziwiri pansi pa dzina limodzi. Ku South Africa, Telkom inayamba yake ya m'manja mu 2010 pa dzina la 8ta.

Kodi mumadziwa kuti mu 2002 mafoni a m'manja pa dziko lonse anaposa malamya a waya kwa nthawi yoyamba? Kuno kwathu kusiyana kwake lero n'kwakukulu zedi: manambala a m'manja anadutsa 10 miliyoni, pomwe malamya a waya sakufika n'komwe 20,000. Boma la Balaka, lomwe linadulidwa ku Machinga mu 1998, linali ndi anthu pafupifupi 438,000 pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo sanakhalepo ndi lamya ya waya m'nyumba. Waya unkathera pa boma, pa siteshoni ya sitima, ku mishoni, ku polisi. Wakumudzi akafuna kudziwitsa achibale za maliro ankapalasa njinga kukatumiza telegalamu ku positi ofesi, apo ayi kukapereka uthenga ku wailesi. Pambuyo pake kunadza mabyuro a telefoni m'misika: tebulo, ambulera, mtsikana atagwira wotchi kuwerenga mphindi, anthu ali pamzere aliyense kapepala ka nambala kali m'manja. Midzi ya m'mbali mwa Rivirivi inachoka pamenepo n'kulowa m'foni ya mabatani, waya osaulawa.

Kodi mumadziwa kuti lamya ya patebulo yopanda waya inali kuphatikiza koyamba kumene Amalawi anakuona ndi maso? Akuba atavutitsa podula mawaya a kopa n'kumakagulitsa kwa ogula zitsulo, MTL inayamba kupereka mafoni a luso la CDMA. Kuiona inali lamya yeniyeni, ya chogwirira ndi mabatani, nambala yake ya lamya ya pansi, koma kumbuyo kwake kunali kamlongoti m'malo mwa chingwe cholowa m'khoma. Access Communications nayo inayamba ndi luso lomwelo. Eni magolosale ndi mabyuro ankaikonda popeza ankatha kuinyamula madzulo n'kupita nayo kunyumba.

Kodi mumadziwa kuti lamulo lathu linasiya kusiyanitsa kampani ya waya ndi ya nsanja? Kale chiphaso chinkanena kuti iwe ndi wa lamya ya pansi, iwe ndi wa m'manja, iwe ndi wa intaneti. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linasintha zimenezo. Tsopano ziphaso zimaperekedwa potengera ntchito: kumanga ndi kubwereketsa zida monga nsanja ndi zingwe, kuyendetsa netiweki, kugulitsa ntchito ngati kuimba ndi intaneti, komanso kuulutsa mawu ndi zithunzi. Kampani imodzi itha kutenga ziphaso zingapo n'kukufikirani pa njira iliyonse imene yaona kuti ikuyenera. Chaka chomwecho zingwe za faiba za MTL zinapatulidwa n'kupatsidwa kampani yakeyake, Open Connect Limited, kuti izibwereketsa kwa aliyense. Nsanja nazo si zonse zili za kampani imene mumagulako mayunitsi: mu Malichi 2022 Helios Towers inamaliza kugula nsanja 723 za Airtel Malawi. Nsanja imodzi itha kusenza zida za makampani awiri opikisana, ndipo kumudzi komwe makasitomala ndi ochepa, kugawana kotereku ndi komwe kumachititsa kuti nsanja imangidwe.

Kodi mumadziwa kuti chingwe cha faiba ndi galasi? Ulusi wake umodzi ndi wopyapyala ngati tsitsi la munthu, ndipo m'kati mwake mumadutsa kuwala, osati magetsi, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Charles Kao ndi amene anaonetsa mu 1966 kuti galasi loyeretsedwa bwino lingatumize uthenga patali, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Mulibe kopa m'menemo. Wodula faiba sapeza chogulitsa, koma amazimitsa netiweki ya maboma angapo nthawi imodzi: wa Mpamba ndi wa Airtel Money amangokhala manja lende, banki imaleka kupereka ndalama, mzamba pa chipatala chaching'ono amalephera kuitana ambulansi.

Kodi mumadziwa kuti boma la Balaka lili pa mphambano ya nthambo zikuluzikulu za dziko lino? Ku Phombeya kuli siteshoni ya magetsi komwe kumachokera nthambo ya 400 kV ya makilomita 173 yopita ku Nkhoma, yomwe inamalizidwa mu 2018 ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation ya ku America. Nthambo yolumikiza magetsi a Mozambique ndi Malawi, yochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete, nayonso mathero ake ndi pa Phombeya pomwepo. Pa nthambo zamakono zotere, waya wa pamwamba penipeni woteteza ku mphenzi amauika faiba m'kati. Ndi mmene ESCOM, yomwe tonse timaidziwa pa za magetsi, inakhalira mwini wa zingwe za intaneti, makamaka boma litaimika msana wa faiba wa dziko lonse mothandizana ndi Huawei pa ngongole ya ku China. Chomwe chimandipweteka n'chakuti chingwe chitha kudutsa pamwamba pa sukulu, pamwamba pa munda, ana ali pansi pake osadziwa kuti m'mwambamo mukuyenda mabuku a dziko lonse. Kuti chitsike pamafunika malo ochilumikizira, magetsi odalirika ndi wina wolipira mwezi ndi mwezi.

Kodi mumakumbuka pa 12 Meyi 2024? Intaneti inafooka m'Malawi, Tanzania, Mozambique, Kenya, Uganda ndi Rwanda. Nsanja zathu zinali chiimire, mafoni akuonetsa timizere tonse ta netiweki, koma masamba osatseguka. Chinaduka chinali pansi pa nyanja ya mchere kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal: zingwe za SEACOM ndi EASSy, zomwe zinayamba ntchito mu 2009 ndi 2010. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja ya mchere, choncho intaneti yathu imabwera pa zingwe zodutsa m'maiko a anansi kuchokera ku madoko monga Dar es Salaam ndi Maputo.

Anthu a ku Rivirivi amadziwa bwino kuwawa kwa njira imodzi. Mu Januwale 2003 madzi osefukira anakokolola mlatho wa njanji pa mtsinjewu, ndipo kwa nthawi yopitirira chaka sitima sizinkatha kuwoloka kupita ku Salima ndi Lilongwe. Netiweki yophatikizana bwino imakonzedwa ndi ngozi yotereyi m'maganizo: chingwe chikakokoloka pa mlatho, mawu azidzera njira ina yozungulira kapena pa timbale ta nsanja. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya ma megawati pafupifupi 130 kwa chaka ndi miyezi, ndipo nsanja zambiri zinkadalira majenereta, mabatire ndi sola. Wakuba batire kapena dizilo pa nsanja amabera mudzi wonse.

Kodi mumadziwa kuti Britain ikuzimitsa netiweki yake yakale ya malamya a kopa, ndipo tsiku limene anaika ndi kutha kwa Januwale 2027? Lamya ya m'nyumba izilira kudzera pa intaneti. Kuno Starlink inafika mu Julayi 2023, kubweretsa njira yachitatu yochokera ku masetilaiti, ngakhale mtengo wa zida zake si wa mlimi wa thonje ndi nandolo.

Kodi mumadziwa, pomaliza, kuti pali thumba la ndalama lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 lija kuti lifikitse netiweki kumene makampani saonako phindu? Limatchedwa Universal Service Fund ndipo lili pansi pa MACRA. Mlimi amene amayenda ndi masimu khadi awiri, n'kumakwera pa chulu kuti amve mtengo wa thonje, ndi amene thumbali linapangidwira. Inu a komiti ya chitukuko cha m'mudzi ndi ya dera, mafumu, aphunzitsi aakulu ku Utale, ku Phalula, ku Nkaya ndi konse m'mbali mwa Rivirivi, lembani maina a midzi, sukulu ndi zipatala kumene foni siigwira, mupereke kwa khansala ndi phungu wanu kuti akatule ku khonsolo ndi ku MACRA. Ndipo mukaona munthu akukumba pamene padutsa chingwe, mufunseni kalata yake.