Luzerna: chakudya cha ng'ombe m'chilimwe

Anzanga, mwezi wa Okutobala udzu umauma. Ng'ombe zathu zimaonda. Mvula ikagwa, ng'ombe yoonda singakoke pulawo. Munda wa koperativa umachedwa kulimidwa. Lero tiphunzira za mbewu imene ingatithandize. Dzina lake ndi luzerna.

Luzerna anachokera kudera la Iran. Ndi mbale wake wa nyemba, nandolo ndi mtedza. Koma ife sitidya ayi. Timalimira ziweto.

Tingamudziwe bwanji? Tsamba lake lili ndi timasamba titatu. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono, a mtundu wa maluwa a jakaranda. Makoko ake ndi opiringizika ngati chigoba cha nkhono. M'katimo muli timbewu tachikasu.

Mphamvu ya luzerna ili pansi. Muzu wake waukulu umalowa m'nthaka mamita 2 kapena kuposa. Umakamwa madzi kumene mizu ya udzu sifika. Pa mizu pali tinthu tonga timikanda. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Timatenga nayitrojeni mumpweya n'kupatsa mbewu. Nayitrojeni ndi chakudya chomwe chija timagula mu feteleza wa ureya. N'chifukwa chake chimanga chimakondwa pamene panali luzerna.

Luzerna amakonda malo ozizira ngati kumapiri a Angónia. Safuna nthaka yodikha madzi. Safunanso nthaka yowawasa. Yotereyi timathira laimu. Timbewu tisakwiriridwe kwambiri, sentimita 1 yakwana. Tikabzala kamodzi, timadula zaka 4 kapena 5. M'chilimwe, tikamathirira amaphuka msanga.

Tidule maluwa akangoyamba kuoneka. Tisiye chitsa chotalika zala zitatu kuti aphukenso. Tiumitse mosamala, masamba asayoyoke, pakuti chakudya chomanga thupi chili m'masambamo. Akauma tisunge m'nyumba yosadontha.

Chenjerani! Ng'ombe yanjala isalowe m'munda wa luzerna wanthete, makamaka m'mawa kuli mame. Mimba imafufuma ndi mpweya, ndipo ng'ombe ikhoza kufa tsiku lomwelo. Iyambe yadya udzu wouma. Mukauze ana amene amaweta.

Tiwerenge ndi kulemba: muzu, mizu, tsamba, masamba, duwa, maluwa.

Tikambirane:
1. Kodi luzerna ndi mbale wa mbewu ziti?
2. Kodi timikanda ta pa mizu timagwira ntchito yanji?
3. Nanga m'koperativa yathu, malo oyenera luzerna ali pati?