Kampani ikamamira, kodi msonkho wanu uipulumutse?

Alimi a mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato a ku Tsangano ndi pa Lizulu m'boma la Ntcheu amadalira galimoto kuti katundu wawo akafike m'misika ya ku Blantyre ndi Lilongwe kudzera mumsewu wa M1. Galimoto ikafa panjira, sipeyala n'kusowa, tomato amaolera m'madengu.

Koma dziko lino silipanga galimoto. Zonse zimachokera kunja, makamaka ku Japan ndi ku South Africa. N'chifukwa chake mavuto a makampani opanga galimoto, ngakhale achitikire kutali, si nkhani yongoimvera pawailesi.

M'chaka cha 2008, chuma cha dziko la America chidagwedezeka. Mabanki adayamba kuumira ngongole, anthu adasiya kugula galimoto, ndipo makampani a General Motors (GM) ndi Chrysler adatsala pang'ono kutseka.

Mu Disembala chaka chomwecho, Pulezidenti George W. Bush adavomereza ngongole ya madola 17.4 biliyoni kuti makampaniwa apume. Barack Obama atalowa m'boma mu 2009 adaonjezera, ndipo thandizo lonse lidafika pafupifupi madola 80 biliyoni.

Ndalamazi sizidaperekedwe mwaulere. Mkulu wa GM, Rick Wagoner, adauzidwa kuti atule pansi udindo, mafakitale ena adatsekedwa, ndipo boma lidatenga pafupifupi magawo 61 mwa 100 aliwonse a umwini wa kampaniyo. Chrysler idalowa m'manja mwa Fiat ya ku Italy.

Ochirikiza ganizoli ankati fakitale ikagwa sigwa yokha: imakokera pansi opanga matayala, magalasi ndi mabatire, ogulitsa galimoto komanso eni magolosale omwe antchitowo amagulamo. Otsutsa ankati si chilungamo kuti msonkho wa mphawi ulipirire zolakwa za mabwana.

Boma la America lidagulitsa masheya ake omaliza mu GM mu Disembala 2013. Powerengera zonse, ndalama zoposa madola 9 biliyoni sizidabwerere m'thumba la boma, koma makampaniwo adadzuka.

Komabe kupulumuka kwa kampani kwawo sikuteteza wantchito wa kwina. Mu 2017, GM idasamuka ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amapita kukasaka maganyu. Antchito mazanamazana adachotsedwa, galimoto za Chevrolet zidasiya kupangidwa kumeneko, ndipo fakitale ya ku Port Elizabeth, komwe pano kumatchedwa Gqeberha, idagulidwa ndi Isuzu.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kwathu, boma lidasenza ngongole zovuta kubweza za pafupifupi K6 biliyoni za Malawi Savings Bank pomwe bankiyo inkagulitsidwa kwa FDH mu 2015. Nayo Admarc idabwezeredwa ngongole za pafupifupi K45 biliyoni m'chaka cha boma cha 2017/18, koma mu 2022 idaimitsidwa kaye ndipo antchito ake adachotsedwa.

Ndalama zotere zimachokera m'thumba lomwelo logulira mankhwala m'zipatala ndi kukonzera misewu. Choncho phungu akamabwera kudzachititsa msonkhano, banja lililonse lili ndi ufulu womufunsa mafunso atatu: kampani yomwe ikuthandizidwayo idzabweza liti? Adaigwetsa achotsedwa? Nanga boma likutengapo chiyani m'malo mwa okhoma msonkho?