Kalata ya Dokotala: Umboni Wokuthandizani Kulandira Malipiro Mukadwala

Ngati mumagwira ntchito mu Nairobi ndipo mwadwala moti simungathe kupita kuntchito, malamulo a dziko la Kenya amakulolani kupuma n'kulandirabe malipiro. Koma ufulu umenewu umadalira kalata yakuchipatala. Popanda kalatayi, abwana anu angathe kukana kukulipirani masiku amene simunagwire ntchito.

Zimene lamulo limanena

Malinga ndi gawo 30 la lamulo la Employment Act la 2007, munthu amene wagwira ntchito miyezi iwiri yotsatizana kwa abwana amodzi ayenera kupatsidwa masiku 7 a malipiro athunthu, kenaka masiku ena 7 a theka la malipiro, pa miyezi 12 iliyonse. Masikuwa sangachepetsedwe, koma mgwirizano wanu wa ntchito ungathe kupereka ochulukirapo. Choncho uwerengeni bwino.

Ndani angalembe kalatayi?

Kalatayi iyenera kusainidwa ndi dokotala wovomerezeka, kapena woyang'anira chipatala chaching'ono amene akuimira dokotalayo. Madokotala ovomerezeka amalembetsedwa ku bungwe la Kenya Medical Practitioners and Dentists Council. Mungaipeze pa chipatala chaboma, monga Mbagathi, Mama Lucy Kibaki kapena Kenyatta National Hospital, ngakhalenso pa chipatala cholipira chovomerezeka. Risiti ya mankhwala ogula kusitolo siilowa m'malo mwa kalatayi.

Zoyenera kuchita

1. Dziwitsani abwana anu mwamsanga kuti mwadwala. Ngati simungathe, tumani wachibale kapena mnzanu.
2. Pitani kuchipatala mukadali odwala, osati mutachira kale, kuti dokotala aone yekha mmene mulili.
3. Pemphani kalatayi musanachoke. Anthu ambiri mu Nairobi amaitcha "sick sheet".
4. Onetsetsani kuti pali dzina lanu monga lilili pa pasipoti, tsiku limene mwaonedwa, masiku opuma, siginecha ndiponso chidindo cha chipatala.
5. Ijambuleni pa foni musanaipereke kuntchito.
6. Masiku akatha musanachire, bwererani kuchipatala kuti akuwonjezereni.

Mukavulala muli pantchito

Nkhani imeneyi imatsata lamulo lina, la Work Injury Benefits Act la 2007. Uzani abwana anu nthawi yomweyo, ndipo mufotokozere dokotala kuti mwavulalira kuntchito.

Akakana kukulipirani

Kadandauleni ku ofesi yaboma yoona za ntchito, mutatenga chithunzi cha kalata ija ndi mgwirizano wanu. Lamulo silola kuti munthu achotsedwe ntchito chifukwa chotenga tchuthi chimene ndi ufulu wake.