Foni Yasanduka Mlezi Pa Zalewa

Abale anzanga apamsika, ndaona malodza pa Zalewa m'boma la Neno. Ndinatsika minibasi kuti ndipikule manachesi, ndipo mayi wogulitsayo anali atapatsa kamwana kawo ka zaka 3 foni kuti kazionera makatuni. Batire litangotha, eee! Kamwana kaja kanadziponya pansi, kugubuduka m'fumbi, mpaka kuluma amake dzanja. Mayiwo ati popanda foniyo sangagulitse kanthu.

Sindinawaseke, poti nane wanga ndinkamutonthoza chimodzimodzi pabenchi panga ku Limbe. Komatu mu 2019 bungwe la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asamapyole ola limodzi patsiku.

Mwana amaphunzira kuugwira mtima poyang'ana nkhope ya amake, pomvera nthano, posewera masanje ndi anzake. Foni imangomutseka pakamwa, mkwiyo nkutsala m'kati.

Chibwerereni ku Zalewa, wanga ndikumamusiya ku mkombaphala m'mawa, madzulo foni m'thumba. Masiku oyamba analira zedi, lero akuumba ng'ombe zadothi. Kuongola mtengo mpoyamba, anzanga.