Kuyenda Pansi m'Mapiri a ku Nyanja ya Tanganyika

Ndi mabanja owerengeka m'dziko lathu lino amene sanadyepo kapenta wa ku Mpulungu. Timamugula pa msika wa Soweto mu Lusaka, timamupezanso ku Chipata ndi ku Katete, ndipo amai amadziwa kumusiyanitsa ndi wa ku Siavonga pongomuyang'ana. Koma titafunsa kuti ndi angati mwa ife amene anapondako kumene kapentayu amacokera, manja okwezedwa angakhale ocepa. Kumeneko, kumene mapiri a Mbala amatsetserekera ku nyanja ya Tanganyika, kuli njira za pansi zokongola zimene alendo a ku maiko akutali amaonongerapo ndalama zambiri kuti adzayendemo, pamene ife eni dziko timangozimva ngati nthano. Mwezi uno tifuna kukuyendetsani m'njira zimenezi, kuti mwina banja lanu kapena acinyamata a pa parishi yanu angaganize zokaziona ndi maso.

Dziko la zitunda ndi nyanja yakuya

Tauni ya Mbala, imene m'nthawi ya atsamunda inali kuchedwa Abercorn, ili pamwamba mamita oposa 1,600 kuyezera pa nyanja yamcere. Doko la Mpulungu lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 okha, koma madzi a Tanganyika ali pa mamita 773. Motero munthu amanyamuka ku Mbala atavala juzi, nakafika ku doko thukuta lili kamukamu. Nyanjayi ndi yaitali makilomita pafupifupi 670, ndipo pena ndi yakuya mamita 1,470. Pa dziko lonse lapansi imaposedwa kuya ndi nyanja ya Baikal ya ku Russia yokha. Timagawana nyanjayi ndi maiko a Tanzania, Congo ndi Burundi.

Akatswiri amatiuza kuti zaka mamiliyoni ambiri zapitazo nthaka inang'ambika ndi kutitimira, ndipo madzi anadzaza cigwaco. Nco cifukwa cake mitsinje yocokera ku mtunda, monga Lunzua ndi Kalambo, imakafika ku nyanja mocita kulumpha m'matherezi.

Njira yokwera ku mathithi a Kalambo

Pali njira ziwiri zofikira ku mathithi a Kalambo. Yoyamba ndi ya galimoto kucokera ku Mbala, ulendo wa makilomita oposa 30, ndipo ndiyo yoyenera okalamba ndi ana aang'ono. Yaciwiri, imene timayamikira onse amene miyendo yao ikali yolimba, imayamba ndi bwato kucokera ku Mpulungu kufikira ku midzi ya asodzi ya kufupi ndi kumene mtsinje wa Kalambo umathira m'nyanja. Kucokera pamenepo munthu amakwera phiri kwa maola awiri kapena atatu.

Tizikumbukira kuti njirayi sanailambulire alendo. Inapangika ndi mapazi a Alungu a m'mbali mwa nyanja ndi Amambwe a ku mtunda, amene akhala akusinthana nsomba ndi mawere, nyemba ndi zokolola zina kuyambira kale. Poyamba imadutsa m'minda ya cinangwa ndi pansi pa mitengo ya mango, kenaka imalowa m'miyala, ndipo apa ndi pamene mpweya umayamba kupereweza. Musacite manyazi mukapitiriridwa ndi mai wosenza dengu pamutu, mwana ali kumbuyo. Iye anabadwira m'njira yomweyo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mukaima kuti mupume, ceukani: nyanja imakhala itayala pansi panu, yobiriwira ngati thambo, mabwato a asodzi akuoneka ngati timakoko ta nshawa.

Pamwamba pake mtsinje wa Kalambo, umene ndiwo malire a Zambia ndi Tanzania, umayenda mofatsa ngati kamtsinje wamba. Mwadzidzidzi umangogwera m'phompho lakuya mamita oposa 200, osagunda pena paliponse. Mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene tonse timanyadira, ndi aatali mamita 108. A Kalambo ndi opapatiza, koma kutalika kwake ndi kawiri. M'matanthwe a cigwaco mumamanga zisa adokowe aakulu a mutu wadazi, amene Azungu amawacha marabou.

Zimene nthaka inasunga

Amene wafika pamenepa wayenda pa nthaka imene anthu akhalapo kwa nthawi yaitali kuposa mmene tingaganizire. Mu 1953 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anapeza zipangizo za miyala m'gombe la mtsinje kumtunda kwa mathithi, ndipo anabwerako kangapo kudzafukula. Mu 2019 gulu lotsogoleredwa ndi Larry Barham wa ku yunivesite ya Liverpool linapeza mitengo iwiri yogonekedwa mopingasa, umodzi utasemedwa kuti ukhale bwino pa unzake. Mu 2023 anafalitsa zoti mitengoyi inasemedwa zaka zosacepera 476,000 zapitazo, ndipo ndiyo nchito yakale koposa yomanga ndi mitengo imene yapezeka pa dziko lapansi. Mtengo umaola msanga, koma iyi inasungika cifukwa inakwiririka m'mcenga wonyowa mosalowa mpweya. Kodi ana athu a sukulu akudziwa kuti mmisiri wa matabwa wakale koposa wodziwika anali kuno kwathu?

Maulendo aafupi

Osakhoza kukwera phiri asataye mtima. Kucokera pakati pa Mpulungu munthu angayende pansi kufikira ku chalichi ca Niamkolo, cimene amishoni a London Missionary Society anamanga ndi miyala mu 1895 ndi 1896. Anacisiya mu 1908 cifukwa ca matenda a kaodzera, obwera ndi kashembe, koma makoma ndi nsanja yake zikali ciimire, ndipo ndico chalichi camiyala cakale koposa mu Zambia.

Ku Mbala mungayende m'mbali mwa kanyanja ka Chila m'mawa kukali kozizira, kenaka nkukaceza ku nyumba yosungiramo zakale ya Moto Moto. Zinthu zambiri za mmenemo anazisonkhanitsa Bambo Jean-Jacques Corbeil, wansembe wa cipani ca White Fathers wocokera ku Canada, ndipo dzina lake ndi lokumbukira Ambuye Joseph Dupont, amene anthu anawacha Moto Moto. Ndi m'cigawo comweci mmene ansembe a cipanici anatsegula mishoni yao yoyamba ku Mambwe Mwela mu 1891, atacoka kwa Mponda kumwera kwa nyanja ya Malawi. Naonso anafika ndi mapazi.

Malangizo kwa ofuna kupita

Kucokera ku Lusaka kudzera ku Mpika ndi Kasama pali makilomita pafupifupi 1,000, cotero ulendowu ndi wokonzekera miyezi ingapo, ndipo mtengo wake umapepuka anthu akasonkherana. Nyengo yabwino yokwera ndi ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene kuli kozizira ndipo njira ndi youma. Madzi amaculuka kumapeto kwa dzinja, koma pamenepo miyala imaterera. Nyamukani mbandakuca, mutatenga madzi akumwa okwanira, cipewa ndi nsapato zolimba. Pa nyanja mverani woyendetsa bwato, pakuti mphepo ikauka mafunde a Tanganyika sasiyana ndi a nyanja yamcere, ndipo musadzaze bwato kupyola muyeso.

Safunsa anadya phula. Perekani moni m'midzi, pezani mwana wa komweko kuti akutsogolereni, ndipo mumulipire moyenera, cifukwa ndalama yotero imathandiza banja lake mwacindunji. Musasambe pamene eni mudzi sanakulozereni, pakuti ng'ona ziliko. Pa mathithi penipeni, malo amene amasamalidwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, gwirani ana padzanja ndipo musasendere kumphepete pofuna kujambula cithunzi.

Tikafikako tidzaonanso cimene comvetsa cisoni: m'zitunda zina mitengo yatha cifukwa ca makala ndi moto wa m'thengo. Pamene mitengo yadulidwa, mvula imakokolola nthaka, njira imasanduka ngalande, ndipo matope amakathera m'nyanja momwe nsomba zimaswanira. Munthu wokhala m'galimoto saona zimenezi. Woyenda pansi amaziona, ndipo sangaziiwale. Tiyeni titengeko ana athu, akaone okha kumene ndiwo zao zimacokera, kuti akadzakula adzakhale ndi cifukwa cotetezera mapiri amenewa.