Nyuzipepala ya mpingo: kumene chopereka chimakayankhira

Lamulungu lililonse, pa tchalitchi cha Baptist cha kumudzi, kaya ku Msundwe kaya ku Nsaru, mlembi amaimirira kuwerenga zolengeza: chopereka cha sabata yatha, odwala, tsiku la msonkhano. Koma ndalama ikachoka pampingopo kupita kulikulu, ndani amabwerera kudzanena ntchito imene yagwira? Funso limeneli ndilo nyuzipepala za mipingo zimathandiza kuyankha.

Kwa a Baptist nkhaniyi ndi yolemera, chifukwa alibe bishopu wolamula onse. Mpingo uliwonse umadzilamulira wokha, ndipo umagwirizana ndi inzake mwa kufuna kwake. Tsono atsogoleri a kulikulu sangangolamula, ayenera kufotokoza. Bungwe la mipingo limasankha mkonzi wa nyuzipepala yake, abusa ndi alembi amatumiza malipoti, mkhristu wamba amalemba kalata yofunsa kapena yodandaula. Mkonzi wongoyamikira akuluakulu wataya udindo wake, pakuti amene amalipira pepalalo ndi mayi uja wopereka thumba la chimanga pa masika.

Chitsanzo chili m'mbiri yathu yomwe. John Chilembwe atabwerako ku America mu 1900 ndi kuyamba Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, thandizo lake linkachokera ku National Baptist Convention, bungwe la a Baptist akuda a ku America. Bungwelo linali ndi pepala lake, Mission Herald. M'menemo ndimo munkatuluka makalata a Chilembwe onena za sukulu, obatizidwa, njala ndi ntchito yomanga tchalitchi cha njerwa. Anthu amene sadaonepo Chiradzulu ankawerenga, n'kupisa m'thumba.

Itachitika nkhondo ya Chilembwe ya 1915, boma la atsamunda lidaphwasula tchalitchicho. Makalata aja, pokhala kutsidya kwa nyanja, adapulumuka. George Shepperson ndi Thomas Price adawagwiritsa ntchito polemba buku lawo la Independent African la mu 1958, ndipo zambiri zimene ana asukulu amaphunzira za Chilembwe zidadzera njira imeneyo.

Kuno kuchigawo chapakati mipingo ina idayenda njira yomweyo. Amishoni a Dutch Reformed adayamba pepala la Mthenga mu 1909, lomwe pambuyo pake lidakhala Kuunika la Sinodi ya Nkhoma, ndipo Akatolika ku Likuni adasindikiza Odini.

Lero zolengeza zambiri zimayenda pa WhatsApp, mofulumira ndithu. Koma foni ya mlembi ikagwa m'madzi kapena kubedwa pamsika wa Msundwe, malipoti a zaka zitatu amapita nayo.